Kamleme ndi nkhwangwa ya atsibweni

Kwathu ndi kumwera kwa Mitundu, pafupi ndi mtsinje wa Diamphwe umene umalekanitsa boma la Lilongwe ndi la Dedza. Ukaima pachulu cha kumunda kwathu dzuwa likupendeka, umaona mapiri a Dzalanyama atatambalala chakumadzulo, otuwa ngati utsi. Ndidakulira kumeneko, komabe ndivomereze poyambirira pomwe kuti sindidakule ndi nkhwangwa m'manja. Amayi adagamula kalekale kuti ine ndine wa pensulo, choncho anzanga akamapita kukatema mphanda za chigafa, ine ndinkatsala pakhonde ndi mabuku. Nkhuni ndinkawaza pokhapokha pakhomo pakasowa mwamuna wina. Zimenezi anzanga a ku yunivesite ku Zomba sankazidziwa. Kwa iwo munthu wochokera ku Diamphwe ndi mwini tchire basi.

M'chaka cha 2024, tili m'chaka chachitatu, aphunzitsi athu adatituma kuti patchuthi tikajambule mawu a anthu akuluakulu pamutu womwe tingasankhe tokha. Tidagwirizana anthu atatu: ine, mnzanga wa ku Ndirande ndi wina wa ku Karonga. Tidasankha kukafufuza mayina a mitengo ndi mawu okhudza ntchito za kutchire m'Chichewa cha kwathu. Maganizo oti tizikagona mutenti m'malo mogona m'nyumba adabwera ndi wa ku Ndirande uja. Mnyamatayu adali atamwerekera ndi makanema a pa YouTube oonetsa azungu a ku Canada ndi ku Sweden akulowa m'nkhalango ndi kachikwama kumsana, n'kumanga msasa, kukoleza moto ndi kusema zipande, luso lomwe amalitcha bushcraft. Poyamba ndidamuseka, poti zonse ankazisirirazo ndi zomwe abale anga amachita kudimba chaka ndi chaka popanda wowajambula. Koma nditaonera makanema angapo nanenso mtima udatengeka. Tenti tidabwereka. Ndalama ya chida chodulira mitengo tidasonkherana, ndipo adaipereka kwa ine kuti ndikagule ku Lilongwe. "Iwe ndiwe wakomweko, ukudziwa chofunika," adatero. Sindidatsutse.

M'sitolo ya zipangizo yomwe ndidalowa mudali zida zokwanira kumuzunguza mutu munthu. Padali zikwanje, zotsika mtengo komanso zodziwika kwa aliyense, koma ndidaganiza kuti anzanga andiseka ndikabwera ndi chinthu chopezeka pakhomo lililonse. Padali nkhwangwa zachizungu, zija zokhala ndi chibowo chomwe mpini umalowamo, koma zidali zolemera kwambiri kwa munthu woyenda ndi chikwama. Padalinso masowo opindika ngati uta, omwe sindidaone m'mene ndingakwerere nawo minibasi. Ndili pafupi kutuluka, wogulitsa adatsitsa kabokosi pashelefu yam'mwamba. M'menemo mudali kankhwangwa konyezimira, kampini wakuda wapulasitiki, wotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala. Mpiniwo udali ndi mphako. Atakoka kumapeto kwake mudatuluka kasowo kamano akuthwa ngati a ng'ona. Zida ziwiri pachinthu chimodzi!

Mtengo wake udandiumitsa pakamwa. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera mosaneneka. Kachidako kadatha ndalama yonse tidasonkha ija, n'kudyanso gawo la thiransipoti yanga. Ndidadzilimbitsa mtima kuti n'kopepuka, kokwana m'chikwama, ndipo kagwira ntchito ya zida ziwiri. Zifukwa zimenezi n'zoona ndithu, koma chidaliponso china chomwe sindidauze anzanga: ndinkafuna kukafika kumudzi nditanyamula chinthu chomwe amuna akumeneko, amene ankandiona ngati wamanja ofewa, sadachionepo.

Tidakwera minibasi yodzera ku Bunda mpaka pa Mitundu, kenaka kabaza mpaka kwathu. Amene adatilandira ndi kutipatsa malo kudimba kwawo, m'mphepete mwa Diamphwe, ndi atsibweni anga. (Anzanga aja adayamba kulemba pomwepo, poti iwo amati malume.) Atsibweni ndi munthu wosachulutsa gaga m'diwa. Nditatulutsa kachida kanga, adakalandira ndi manja awiri, kukatembenuza uku ndi uku, kukakweza m'mwamba kuti amve kulemera kwake, kusolola kasowo n'kukabwezeramo.

"Mphwanga, chimenechi dzina lake n'chiyani?"

Ndidayamba kutchula zomwe zidalembedwa pabokosi.

"Ndafunsa pachathu."

Ndidangoti kukamwa yasa. Zaka zitatu ndikuphunzira kapangidwe ka mawu, magulu a mayina, mphatikiram'mbuyo ndi mphatikiram'tsogolo, koma dzina la chinthu chomwe ndidagula ndekha lidandisowa. Kunena kuti nkhwangwa kukadakhala kubisa sowo. Kunena kuti sowo kukadakhala kunama.

"Ndiye kuti ndi mleme," adatero atsibweni. "Kwa mbalame akuti ndiwe mbewa, kwa mbewa akuti ndiwe mbalame."

Kuyambira tsiku limenelo kadakhala kamleme.

M'mawa mwake tidayamba kumanga msasa wophikiramo ndi thandala loyanikapo mbale. Mitengo tidatenga pakamunda ka bulugamu komwe atsibweni adabzala okha kumtunda kwa dimba. Pano ndiyenera kukachitira chilungamo kamleme, chifukwa kasowo kake kadagwira ntchito yooneka. Pamtengo wouma wonenepa ngati dzanja, kankacheka mosalala, mowongoka, ndipo mnzanga wa ku Ndirande, yemwe sadagwirepo nkhwangwa chibadwire, adakwanitsa kudula mitanda yofanana kutalika osadzivulaza. Sowo ndi wotero: mano ake amang'amba mtengo mopingasa, kuchotsa utuchi pang'onopang'ono, ndipo safuna mphamvu kapena diso lakuthwa, amangofuna kudekha. Sataya mtengo wambiri ngati nkhwangwa yomwe imamwaza zipalapasiro ponseponse. Atsibweni nawonso adavomereza. Koma kasowoko kadali kafupi zedi. Mtengo ukanenepa kufika ngati ntchafu, dzanja linkangogwedera malo amodzi, ndipo pamtengo wauwisi utuchi wonyowa unkamata m'mano mpaka kasowo kukanirira.

Vuto lenileni lidali mbali ya nkhwangwa. Nkhwangwa imadya mtengo chifukwa cha zinthu ziwiri: kulemera kwa chitsulo ndi kutalika kwa mpini. Mpini wautali umachititsa kuti chitsulo chifike pamtengo chili paliwiro, ndipo kulemera kumachilowetsa mkati. Kamleme kadalibe zonse ziwiri. Kuti kakwane m'chikwama adakafupikitsa, kuti kapepuke adakachepetsa mutu, ndipo kuti kasowo kapeze pokhala adaboola mpini. Ndikamenya, m'malo moti mtengo umve ululu ndinkaumva ndine m'chikhatho. Atsibweni ankaonerera atakhala pachitsa, ndipo nditatuluka thukuta lokwanira adadzuka, kutenga nkhwangwa yawo, n'kugwetsa mtengowo ndi mikwapulo isanu ndi umodzi.

Tsiku limeneli ndi lomwe tidapeza mawu ambiri kuposa masiku ena onse. Ine ndidati ndikufuna kudula mtengo, atsibweni n'kundidzudzula kuti "kudula" amanena ana ndi anthu a m'tauni, chifukwa ndi mawu osaonetsa chomwe munthu akuchita. Mtengo woima umatema. Ukagwa umasadza nthambi. Chipika umawaza, kutsata m'mene mtengo udakulira. Mphanda umasongola kunsi kuti ilowe m'dzenje. Mpini, mtondo ndi chipande umasema. Thabwa umacheka. Khungwa umasenda, luzi umafundula. Tidaona kuti aneni amenewa sadangochuluka chabe ayi. Aliyense ali ndi kagwiridwe kake ka dzanja, ndipo ambiri ali ndi chida chawo. Ena adabereka mayina a zida zomwe: kusema kudabala kasemasema, kucheka kudabala macheka, ngakhale kuti kwathu mawu obwereka kuchingerezi akuti sowo ndi omwe amamveka kwambiri. Pa aneni asanu ndi atatu amenewa, kamleme kankakhoza bwino mmodzi yekha, kucheka, n'kumayesako kusadza ndi kusongola. Mnzanga wa ku Karonga, yemwe amakonda kuwerengera zinthu, ndi amene adaona zimenezi, ndipo sadandibisire.

Kadathyoka tsiku lachitatu, ndipo wolakwa ndidali ine. Pofuna kuonetsa kuti ndalama yathu sidapite m'madzi, ndidalimbana ndi chipika chouma cha mtengo wachilengedwe chomwe chidakokoloka ndi madzi a mtsinje. Mitengo yotereyi ikauma imalimba ngati fupa. Ndidaphonya, m'malo mwa chitsulo padagunda mpini, ndipo udang'aluka kuyambira pakhosi. Kasowo sikadathenso kukhala m'mphako mwake. Anzanga adangoti chete, ndipo chete ameneyu adandipweteka kuposa mawu, poti ndalama idali yawonso. Atsibweni adatola zidutswazo n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga mpini wake umamera kuti?"

Adayesanso kunola kasowo ndi tupa yawo, koma tupayo inkangoterereka. Pambuyo pake ndidamva kuti masowo ambiri amakono nsonga za mano ake amaziumitsa kwambiri kufakitale kuti zisabunthe msanga, koma zikabuntha sizinoleka, umangogula lina.

Tsiku la msika atsibweni adanditenga pa njinga kupita pa Mitundu. Tidadutsa ogulitsa matimati, kaunjika ndi mbuzi mpaka kumalo komwe amisiri osula amayala makasu, nkhwangwa, zisenga ndi mipeni pansi. Apa ndidaona kusankha chida kwenikweni, kosiyana ndi kuja ndidachita ine koyang'ana kunyezimira. Atsibweni adayamba afunsa kuti chitsulocho chidachokera ku chiyani. Nkhwangwa zabwino amasula kuchokera ku masipuling'i a galimoto, chifukwa chitsulo chake chimalimba chikatenthedwa n'kuviikidwa, komanso sichithetheka msanga. Kenaka ankanyamula imodzi ndi zala ziwiri n'kuigogoda ndi kamwala. Yolira momveka, mawu ake n'kutalika, ankaiika pambali. Yolira mogonthera ankaibweza, ati ili ndi mng'alu wobisika. Ankayang'ana ngati kukamwa kwake kuli kowongoka ndi kumchira kosongoka kuja kolowa mumpini, poti ikapotoka imatema mokhota mpaka kalekale. Sadasankhe yaikulu. Adati pa ntchito ya msasa, nkhuni ndi kusema, komanso pa manja ngati angawa, yapakatikati ikwana. Ndalama yake sidafike ngakhale theka la theka la mtengo wa kamleme, komabe m'thumba mwanga mudalibe, ndipo adalipira ndi ndalama ya matimati awo. Pobwerera sindidayankhule zambiri.

Mpini adasema okha madzulo omwewo. Adasankha mtengo wokhala ndi mfundo yaikulu kumutu, poti pamfundo mtengo umakhala wopotana mkati ndipo sung'aluka wamba. Adaika mchira wa nkhwangwa pamakala mpaka kufiira, n'kuukanikiza pamfundopo, utsi uli tolotolo, kubwereza kangapo mpaka chibowo chitatuluka mbali inayo. Nzeru ya nkhwangwa yathu ili pamenepa. Popeza mchirawo umanka nukula chakutsogolo, ukamatema chitsulo chimanka chikhazikika mumpini. Palibe msomali, palibe guluu. Kukamwa kwake n'kochepa poyerekeza ndi nkhwangwa yachizungu, motero mphamvu yonse imagwera pamalo ochepa ndipo imalowa mozama ngakhale pamtengo wolimba. Mpini ukathyoka, wina uli pathengo pomwepo.

Atatha, adagogoda mpiniwo pachitsa chakumbuyo, chitsulo n'kuguluka. Adachitembenuza kuti kukamwa kwake kukhale kopingasa, n'kuchibwezeramo. Idasanduka sompho. Ndi chimenecho adasema zikhomo zatsopano za tenti yathu ndi mthiko, kenaka n'kuchitembenuzanso kukhala nkhwangwa. Adandichenjeza kuti mmisiri wa mitondo kapena mabwato amakhala ndi sompho yeniyeni yampini wakewake, koma pa zing'onozing'ono za kudimba zimatheka motere. Ndidakhala ndikuyang'ana. Ndidapita mpaka ku Lilongwe kukataya ndalama za anthu pofuna chida chogwira ntchito ziwiri, chikhalirecho chida chotero chidali chitatsamira khoma la khitchini ya amayi moyo wanga wonse.

Nkhani ikadathera apa ikadakhala yongoseketsa. Koma padali ulendo wina womwe tidakonza, wokacheza ndi agogo ena okhala m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, kenaka n'kulowako pang'ono kuti akatilozere mitengo yomwe kumidzi idatha. Dzalanyama si nkhalango wamba. Idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, kutsata malire a dziko lino ndi Mozambique. Diamphwe wathuyu amachokera kumeneko, chimodzimodzinso mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe mzinda wa Lilongwe umadalira pa madzi akumwa. Kwa Achewa n'kumalo kolemekezeka, poti n'komwe kuli Kaphirintiwa, pomwe makolo amati anthu ndi nyama zoyamba zidatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Komanso ndi nkhalango yomwe yakhala ikudyetsa mbaula za mumzinda. Aliyense woyenda pamsewu wa Mitundu m'mamawa adaonapo njinga zosenza matumba a makala zikulunjika ku Lilongwe. Zinthu zitafika poipa, m'chaka cha 2015 boma lidatumizako asilikali kukalondera. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zidakhwima.

Usiku woti mawa tinyamuka, tili pamoto, mnzanga wa ku Ndirande ankalongedza kasowo ka kamleme m'chikwama. Ankafuna kukacheka tizidutswa ta mitengo yosiyanasiyana kuti tikatilembe mayina n'kukaonetsa m'kalasi. Ine ndidati nditenganso nkhwangwa yanga yatsopano. Atsibweni adakana zonse ziwiri.

"Inu mukapezeka nazo, mudzatulutsa ziphaso za sukulu, adzati ndi ophunzira. Nanga ine woyenda nanu ndidzatulutsa chiyani? Kuno munthu wolowa m'nkhalango ndi nkhwangwa amadziwika ntchito yake. Wolowa ndi sowo ndiye safunsidwa n'komwe."

Adaonjeza kuti chomwe ife tinkakondera kasowo, kuti sikachita phokoso, ndi chomwenso chimakondetsa sowo anthu odula mobisa. Nkhwangwa imadziulula yokha. Kulira kwake kumamveka kutsidya kwa chigwa.

Kenaka adandiuza kuti ndizimitse chojambulira mawu, ndipo adakamba zomwe ndidali ndisadazimvepo. (Adandilola pambuyo pake kuzilemba, bola osatchula dzina.) Zaka zomwe ndidali fomu 1 ndi fomu 2, fodya sadayende bwino pakhomo pathu, ndipo bambo adali atatisiya kale. Fizi yanga inkachokera kwa atsibweni, zimenezo ndinkadziwa, koma ndinkayesa kuti ndi ya matimati. Idali ya makala. Ankalowa m'nkhalango kukakhala masiku angapo, kugona mumsasa wamasamba, kutema, kuunjika, kukwirira uvuni ndi dothi, kudikira. Luso lonse lija tinkalisirira pa YouTube, la kugona kutchire ndi chida chimodzi, iwo adalikulitsira kumeneko. Tsiku lina ali pakati potema adamva kuti olondera ali pafupi. Adathawa, n'kusiya nkhwangwa ili chikhomere pamtengo. Idali nkhwangwa ya bambo awo, agogo anga, yomwe idasinthidwa mipini kosawerengeka koma chitsulo chili chomwecho. Sadabwerere kukaitenga, ndipo sadabwererenso kukaotcha. Adayamba kubzala bulugamu chaka chomwecho.

Sadanene izi modandaula kapena modzitama. Sadanyoze olondera, adati ankagwira ntchito yawo, ndipo iwonso amaona m'mene mtsinje umaphwera msanga masiku ano. Sadapemphenso kuti ndiwathokoze. Ine ndidasowa poyang'ana. M'chaka choyamba ndidalembapo ndakatulo yodzudzula ootcha makala, yodzaza ndi mawu okuluwika onena za nkhwangwa yopanda chisoni, ndipo anzanga adaiombera m'manja. Sindikunena kuti zomwe ndidalembazo zidali zabodza, poti mapiri aja akumetedwadi. Kungoti polemba sindidadziwe kuti cholembera chomwe ndidagwiracho chidagulidwa ndi chiyani.

M'mawa tidapita chimanjamanja, kupatula makope ndi chojambulira. Agogo ena awiri adatiyendetsa m'mphepete mwa nkhalango akutilozera msuku, mombo, muwanga, mlombwa ndi ina yambiri, uku akutsutsana okhaokha pa mayina ena. Pomwe mitengo idatha ankatilozera zitsa, ndipo ankazidziwa ndi khungwa lokha. M'malo mwa tizidutswa tocheka, mnzanga adajambula zithunzi za masamba ndi makungwa pafoni. Tikuyenda ndidadzipeza ndikuyang'ana m'mitengo ngati ndingaone chitsulo chadzimbiri chitakhomeka penapake, ngakhale ndinkadziwa kuti malo ake sadali amenewo.

Anzanga ndidawabwezera gawo lawo la ndalama pang'onopang'ono titatsegulira sukulu. Wina akandifunsa lero chida choti atenge pokagona kutchire kwathu kuno, ndimamuuza kuti ayambe wafunsa eni malo ngati kumeneko n'kololedwa kudula kanthu. Ngati n'kololedwa, apite kwa osula akasankhe nkhwangwa yapakatikati, ndipo ngati akufunadi sowo agule wapayekha, wotalika bwino. Kasowo ka kamleme kadatsala ndi amayi, omwe amachekera nsungwi pokonza khola la nkhuku, ndipo akuti n'kabwino. Mutu wake uli padenga la khitchini. Nkhwangwa ija ndidaigulula, mpini ndidasiya kumudzi, chitsulo ndidachikulunga m'nyuzipepala n'kubwera nacho ku Zomba, komwe chilibe ntchito ina koma kupsinja mapepala patebulo.

Polemba zomwe tidajambula, tidavutika ndi gawo la tsiku loyamba lija kumunda wa bulugamu. Atsibweni ankafotokoza kusiyana kwa kutema ndi kusadza uku akugwira ntchito, ndipo m'malo ambiri mawu awo adaphimbika ndi kulira kwa nkhwangwa. Mnzanga wa ku Karonga adalemba m'mphepete mwa pepala kuti "phokoso, sizikumveka." Ine ndidabwezera kangapo, ndikuwerenga mikwapulo.